MPANDA WA PAKHOMO: MANGANI WOUMA, BZALANI WAMOYO

Masika akatha ndipo cimanga cikalowa m'nkhokwe, ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimasulidwa kuti zidye mapesi m'minda, monga mwa mwambo wa dziko lino. Abusa apumula. Koma amai amene anabzala mpiru ndi matimati kuseri kwa nyumba sapumula ai, pakuti kuyambira June kufikira mvula yoyamba nchito yao ndiyo kupitikitsa ziweto za eni. Kamtengo ka mango kamene kanabzalidwa mu January kadyedwa nsonga, ufa woyanika pa mphasa wanyambitidwa, ndipo madzulo pamveka mau okweza pakati pa anthu amene dzulo anali kudyera mbale imodzi. Funsani mafumu a midzi ya kwa Mpezeni, kwa Madzimawe kapena kwa Chanje za milandu imene iwatopetsa m'cirimwe, ndipo mbuzi simudzaisowa m'menemo.

Makolo athu mpanda anaudziwa bwino. Pa masiku a nkhondo midzi yambiri ya Acewa inali m'malinga, ndipo mudzi wa Angoni unali kumangidwa mozinga cibaya ca ng'ombe. Nkhondo zinatha, malinga anagwa, ndipo anthu anazolowera kukhala poyera. Lero munthu akachinga pakhomo pace ena afunsa kuti, "Kodi abisa ciani m'menemo?" Funso limeneli lisakuopseni. Mpanda umene tinena pano suchinga mlendo kapena mbale; uchinga zinthu za miyendo inai.

NKHUMBA NDI CIMBUDZI

Masamba odyedwa ndilo bvuto laling'ono. Lalikuru ndi matenda. Cigodola ca nkhumba, cimene madokotala a ziweto acicha African swine fever, cinalembedwa koyamba m'dziko lino kuno kwathu ku Chipata m'caka ca 1912, pamene mzinda unali kuchedwa Fort Jameson, ndipo kufikira lero sicinacoke m'Cigawo ca Kum'mawa. Mankhwala ocizira palibe. Cifala pamene nkhumba yodwala ikhudzana ndi zinzace, kapena pamene nkhumba idya zotsala za nyama ya inzace imene inafa nako. Nkhumba yoyenda mudzi wonse ikumana ndi zonsezi tsiku liri lonse.

Nanga masese? Amene anaphapo nkhumba awadziwa: timatuza toyera tonga njere tokhala m'nyama ndi pansi pa lilime. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Antwerp, m'dziko la Belgium, anafufuza nthenda imeneyi zaka zambiri m'midzi ya Katete ndi Petauke, ndipo njira yace ndi yodziwika. Munthu wokhala ndi njoka ya m'mimba yaitali, yaphanthi-phanthi ija, aturutsa mazira ace akapita kuchire. Nkhumba idya zonyansazo nigwidwa masese. Wina adya nyamayo yosapsya bwino, ndipo njoka imera m'mimba mwace. Coopsya koposa ndi ici: mazira aja akalowa m'kamwa mwa munthu, kaya ndi m'manja mosasamba, kaya m'madzi kapena pa masamba, akhoza kukakhala mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Ana ena amene agwa khunyu m'midzi mwathu sanalodzedwe konse. Cifukwa cace, ngati mphamvu zanu sizikwana kuchinga khomo lonse caka cino, yambani ndi malo awiri: khola la nkhumba lolimba, ndi cimbudzi cokhala ndi citseko ndi mpanda wace.

MUSANAKUMBE DZENJE LIRI LONSE

Mpanda uyamba ndi pakamwa, osati ndi nkhwangwa. Malo a m'midzi ali m'manja mwa mafumu, ndipo malire ambiri akhala m'mitu ya akuru-akuru cabe: culu cija, mtengo wa mpundu uja, pamene panali nkhokwe ya malemu. Masiku onse pamene panalibe mpanda, kusiyana kwa mapazi atatu sikunabvute munthu. Tsiku limene muimika nsanamira, mapazi atatuwo asanduka mlandu. Tsono itanani mfumu ya mudzi ndi anansi a mbali zonse, amuna ndi akazi omwe, muyende nao m'malire ndi kukhoma zikhomo iwo alikuona. Kumene mafumu anapereka mapepala a malo, monga kunacitika m'midzi yina ya kwa Mkanda, Mnukwa, Maguya ndi Mshawa, turutsani pepalalo. Okhala m'tauni afune zikhomo za simenti za puloti yao, ndipo asanamange cipupa ca njerwa ayambe apita ku Khonsolo kukatenga cilolezo.

Njira ya kucitsime, ya kumanda ndi yopita ng'ombe kumadzi musaitseke, cingakhale idutsa pa malo anu. Mpanda wotseka njira ya anthu sukhala caka. Udzapeza wouboola usiku. Ndipo ngati mudzabzala mitengo, ilowetseni m'kati mwa malire anu ngati theka la mita, pakuti mtengo ukula ndipo nthambi ndi mizu sizidziwa malire.

MPANDA WOUMA

Tiyese khomo la mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Kuzungulira konse ndi mamita 100. Mukaimika nsanamira pa mamita awiri ndi theka ali onse, zifunika 40. Werengani cotere musanapite kukadula, kuti musadule zoposa muyeso kapena kusiya nchito pakati.

Kuti ngodya ikhale yoongoka citani monga acita amisiri omanga nyumba. Kucokera pa cikhomo ca pangodya yesani mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inzace. Ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali mamita 5, ngodya yakhala bwino. Kenaka kokani cingwe kucokera ngodya kufikira ngodya ndi kukumba motsata cingweco. Diso lokha linyenga.

Mdani wa nsanamira ndi ciswe. Mitengo imene ciswe cilephera, monga muwanga, mlombwa ndi tsanya wa ku cigwa ca Luangwa, yacepa kwambiri pafupi ndi midzi, ndipo kudula m'nkhalango za Boma popanda cilolezo ndi mlandu pa lamulo la nkhalango la 2015. Anthu ambiri tsono agwiritsa nchito bulugamu kapena kesha wobzala okha. Mitengo yotere isendeni makungwa ikali yaiwisi, iume pamthunzi milungu ingapo, ndipo muwaule kunsi kwace pa moto kufikira kunja kutada, kupitirira pang'ono pamene dothi lidzalekeza. Kuwaula kucedwetsa ciswe koma sikucithetsa. Musayembekeze zaka zambiri. Nsanamira zonyikidwa m'mankhwala zogula m'tauni zikhala nthawi yaitali ndithu, ndipo amene ndalama zace ndi zocepa agule zocepa zomwezo ndi kuziika m'ngodya zinai ndi pacipata, pakuti mpanda ugwa kuyambira pamenepo.

Maenje akhale akuya theka la mita kapena kupitirira pang'ono. A m'ngodya afike masentimita 75. Pokwirira musagwetsere dothi lonse nthawi imodzi. Thirani pang'ono, sinjani ndi mtengo, thiraninso, sinjaninso, kufikira pamwamba, ndipo muunjike kadothi kuti madzi a mvula asaime patsinde. Nsanamira ya pangodya iri yonse ilandire mcirikizo wopendeka ku mbali zonse ziwiri kumene mpanda ukokera.

Pa mpanda wa udzu mangani mbariro mizere itatu, za nsungwi zong'amba kapena za timitengo towongoka, wina m'munsi, wina pakati, wina m'mwamba. Tsekera kapena bango aimikidwe mothithikana, matsinde pansi, ndipo apanidwe ndi mbariro zina kunja kwace. Udzu umwetedwe mu June kapena July, utakhwima koma moto usanapite. Pomanga, malegeni a matayala akale aposa luzi: saola msanga, ndiponso simupha mtengo wa mombo pousenda. Mzere wa m'munsi ndiwo ufunika koposa, cifukwa nkhumba silumpha, ifukula. Ikani miyala kapena mitengo yogoneka m'tsinde mwa mpanda ndi kuikhomera zikhomo.

Waya waminga ndi wa ng'ombe. Anaupanga a ku America, kumene Joseph Glidden analembetsa mtundu wace m'caka ca 1874, cifukwa ca madambo akuru opanda mitengo ndi ng'ombe zikwi-zikwi. Mizere inai iletsa ng'ombe bwino lomwe, ndipo pa khomo lathu lija ifuna mamita 400 a waya. Koma mbuzi ipyola pakati pa mizereyo ngati palibe kanthu, nkhuku ndi ana a nkhumba cimodzi-modzi. Anthu ambiri ataya ndalama pamenepa. Ngati adani anu ndi mbuzi, m'munsi mufunika waya wolukana kapena timitengo tolukidwa pakati pa mizere. Pokoka waya yambani ndi mzere wa m'mwamba, kuucokera pangodya kufikira pangodya. Misomali yopinda ya pa nsanamira za pakati musaikhomerere kotheratu, kuti waya athe kukokedwanso akalefuka. Kumbali kumene ana asewera waya waminga asakhaleko. Zidutswa zotsala zisungeni m'nyumba, pakuti waya wotayika ndiye asanduka misampha imene ipundula nyama za m'chire ndi agaru omwe.

CIFUKWA CACE WOUMA SUKWANIRA

Mpanda wa udzu ukhala zaka ziwiri, mwina zitatu ngati mwini ali wosamala. Pambuyo pace munthu abwerera kuchire ndi nkhwangwa, ndipo caka ndi caka chire liri kunka patali. Onani madimba a m'mbali mwa madambo: mwini ali yense adula nthambi zaminga cirimwe ciri conse, naziunjika, ndipo moto kapena ciswe zikatha nazo adulanso zina. Nchito yotere iribe mapeto.

Nzeru yace ndi iyi: mpanda wouma ukhale mlezi wa mpanda wamoyo. Zaka ziwiri kapena zitatu zimene udzu uli ciimire ndizo nthawi imene timitengo tifuna kuti tikule kufikira pamene mbuzi singatiphe. Amene abzala mitengo popanda coichinga adyetsa mbuzi. Amene amanga udzu osabzala kanthu m'kati mwace adzayambanso pa ciyambi. Ziwirizi ziyendera pamodzi.

Izi zinaoneka poyera pa Msekera, malo ofufuzira za malimidwe pafupi ndi Chipata. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a pamenepo, pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, anayesa mitengo yobwezera nthaka monga sesbania ndi gliricidia, ndipo cimanga cinabala bwino pambuyo pace. Koma mitengoyo itafika m'minda ya alimi, zoiononga zazikuru zinali ziwiri: ziweto zomasulidwa m'cirimwe, ndi moto. Bvutoli linakula kotero kuti m'zaka za m'ma 1990 linafika kwa mafumu akuru a Acewa ndi Angoni, amene anaika malamulo a kadyetsedwe ka ziweto ndi katenthedwe ka chire. Lamulo lithandiza, koma mbuzi simva lamulo. Kamtengo ka pakhomo panu katetezedwa ndi cimene mwaimika mozinga iko.

TIBZALE CIANI?

Nkhadzi ndiye wakale pa yonse. Pa mabwinja ambiri nyumba zinagwa kale koma nkhadzi akali ciimire, kusonyeza pamene panali khola. Ziweto sizimkonda, cirala sacimva, ndipo amera ndi nthambi cabe. Dulani nthambi zotalika ngati mkono, zigone pamthunzi masiku angapo kuti utomoni uume podulapo, ndipo muzizike motalikirana masentimita 30 mvula iri pafupi kuyamba. M'dothi lodikha madzi ziola. Cenjezo lace ndi utomoni woyera uja: ukalowa m'maso uwawa ngati moto ndipo ukhoza kuononga diso. Podula imani kumbali kumene mphepo icokera, ana akhale kutali, ndipo ngozi ikacitika tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka fulumirani ku cipatala. Cifukwa ca ici nkhadzi ayenera kumbuyo kwa khomo ndi kukhola, osati pabwalo.

Khonje anacokera ku Mexico, ndipo anafika ku Tanganyika m'caka ca 1893 kukalimidwa cifukwa ca zingwe. Mizere iwiri yobzala mosemphana, theka la mita pakati pa mbeu iri yonse, itseka ngakhale nkhumba ikakula, ndipo mupezapo zingwe zomangira. Koma khonje adya malo, minga yace ndi yoopsya kwa ana, ndipo tsinde liri lonse likaturutsa mlongoti wa maluwa, patapita zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi, lifa. Ana ace omera m'mbali ndiwo atseka mpatawo mukawasamala. Ife tiona kuti khonje ayenera kudimba koposa pakhomo.

Gliricidia lero apezeka m'midzi yambiri ya cigawo cino, pakuti alangizi ndi bungwe la COMACO anamfalitsa kwambiri, ndipo mbeu yace siibvuta kupempha kwa mnansi. Iye yekha saletsa mbuzi, popeza alibe minga. Ubwino wace ndi wakuti asanduka nsanamira yamoyo, imene ciswe siciigwetsa monga cicita ndi youma. Zikani nthambi zokhwima zotalika mamita awiri, zonenepa ngati mpini wa khasu, mvula itayamba, ndipo masamba ace adzaphuka pamwamba pamene mbuzi sifika. Zikagwira mukhoza kumangirapo mbariro kapena waya. Musakhomere waya pa khungwa leni-leni, cifukwa mtengo pokula uumeza. Ikani kathabwa pakati. Caka ciri conse mudulira nthambi pa msinkhu wa munthu: masamba apita kumunda kapena kukhola, nthambi zipita kukhichini.

Pakati pa nsanamira zamoyozi bzalani zaminga. Kankhande ndi masau ndi abale, onse ali ndi minga yokowa, ndipo masau apatsanso zipatso. Njere zace ziri m'cikhokho colimba. Ciswani mosamala ndi kufesa m'nazale mu September kapena October, kuti mbande zikhale zokonzeka pofika December. Zibzaleni mizere iwiri mosemphana, masentimita 30 kufikira 40 pakati pace. Pa mamita 100 mufuna mbande zoposa 500. Nambala imeneyi isakufooketseni: chingani mbali imodzi caka cino, yina caka ca mawa, kuyambira kumene ziweto zilowera. Ndipo popeza mpanda wa pamalire utumikira makomo awiri, nazale imodzi ikhoza kukhala ya mabanja awiri kapena atatu. Mutu umodzi susenza denga.

Iripo mitengo iwiri imene tikupemphani kuti muipewe. Woyamba ndi lantana, citsamba ca timaluwa tofiira ndi tacikasu cimene cinabwera ngati cokometsera mipanda ya m'matauni. Mbalame zimwaza njere zace, ndipo cikalowa m'dambo cipha msipu. Ng'ombe ikadya masamba ace ciwindi cionongeka, maso acita cikasu, khungu lisupuka pa malo oyera, ndipo zambiri zifa. Zipatso zace zosapsya zidwalitsa ana. Wina akakupatsani kwaulere, kanani. Waciwiri ndi jatrofa, amene makampani anamlimbikitsa m'zaka za m'ma 2000 kuti apangire mafuta a galimoto, msika wace nuzirala pambuyo pace. Amera msanga ndipo ziweto sizimudya, koma njere zace zikoma m'kamwa mwa mwana ngati nshawa, ndipo zitsegula m'mimba ndi kusanzitsa koopsya. Pakhomo pa ana ang'ono asakhalepo.

CIPATA

Ife a mzinda wa dzina limeneli sitiyenera kuuzidwa kuti cipata ndi cinthu cacikuru, komabe mipanda yambiri yabwino ionongeka pomwepa. Munthu agwira nchito milungu itatu, ndipo polowera angopingasa citsamba caminga cimene mwana woyamba kuturuka m'mawa acikankhira kumbali. Pangani citseko ceni-ceni ca nsungwi kapena matabwa, cokhala ndi mtengo wopingasa kucokera m'munsi ku mbali ya nsanamira kukwera ku nsonga yina, kuti cisagwe mphuno. Zidutswa za tayala zikhoza kukhala zogwirira zace. Mukapendeketsa nsanamira pang'ono, kapena kumangirira legeni lokoka, citseko cidzitseka cokha, ndipo simudzakalipira ana tsiku ndi tsiku. Pansi pace ikani mwala kapena mtengo wogoneka. Amene ali ndi ngolo asiye cipata caciwiri ca mamita atatu. Kugumula mpanda pa nthawi yokolola cifukwa ngolo yalephera kulowa ndi cinthu comvetsa cisoni.

KASAMALIDWE

Moto ndiwo utha mipanda yambiri kuno, maka-maka kuyambira August kufikira October, pamene anyamata atentha chire posaka mbewa ndipo mphepo iri yamphamvu. Mpanda wa udzu ukagwira moto usanduka njira yotengera motowo ku nkhokwe ndi ku denga. Cifukwa cace usayandikire zimenezi, ndipo July asanathe lambulani mamita awiri kapena atatu kunja ndi m'kati mwace, dothi lioneke. Phulusa la m'khichini lisatayidwe m'tsinde mwa mpanda. Kawiri-kawiri likhala ndi khala lamoyo.

Kamodzi pa mwezi yendani mozungulira ndi kugwedeza nsanamira iri yonse. Pamene ciswe camata dothi lace, kokotani. Pamene nkhumba yayamba kufukula, tsekani tsiku lomwelo, cifukwa ciweto cikadziwa mpata sicidzauiwala, ndipo mawa cidzabwera ndi zinzace. Mvula ikatha sinjaninso dothi la m'matsinde.

Mbande za mpanda wamoyo zifuna kupaliridwa ngati cimanga m'dzinja loyamba, ndipo m'cirimwe coyamba zithiriridwe madzi otsukira mbale ndi osamba, kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Zimene zafa zibwezeredwe mvula ikangoyamba. Tsono pali cinthu cimodzi cimene alimi ambiri acita naco mantha: kudulira. Mbande ikafika m'ciuno, iduleni pa msinkhu wa bondo. Cioneka ngati kuononga, koma mtengo wosadulira uthamangira kumwamba nusiya m'munsi mwapululu, pamene mbuzi ipita mosawerama. Wodulidwa uphuka nthambi zambiri pansi. Nthambi zazitali za m'mbali zipindeni ndi kuzilukira mwa zinzace zikali zanthete. Mpanda ukakula, udulireni caka ndi caka kuti m'munsi mukhale motambalala kuposa m'mwamba, dzuwa lifike ku nthambi za pansi, ndipo sesani zinyalala za m'tsinde kuti njoka ndi makoswe zisapezemo nyumba. Kumbali ya munda, dulani mizu ndi khasu m'kangalande kosaya kuti isalande cakudya ca mbeu.

Pofika caka cacitatu kapena cacinai udzu uja udzakhala utaola, ndipo mukhoza kuucotsa ndi kuuthira m'dzenje la manyowa. Mbariro ndi nsanamira za kuchire zipite ku nkhuni. Koma nsanamira zonyikidwa m'mankhwala, zakuda zonunkha phula ndi zobiriwira zomwe, musazisonkhere pa moto wophikira kapena woocera cimanga, pakuti utsi wace ndi phulusa lace ziri ndi ululu. Zimene zikali zolimba zizuleni mukamangire khola la nkhumba.